Mlongo Wake wa Mulungu

Amalume anga, achimwene awo a mayi, analowa kalasi ya ubatizo mano atatha m'kamwa. Moyo wawo wonse anali munthu wa kudambwe, ndipo tchalitchi ankachidziwa ngati cholozera alendo njira basi: mukafika pa tchalitchi mukhotere kumanzere. Chinawatembenuza si ulaliki ayi. Miyendo inayamba kutupa, tinapita nawo kuchipatala ku Dowa, ndipo adokotala atawapima anatiitanira pambali nkutiuza kuti tibwerere nawo kumudzi azikadya chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Mawu amenewo kwathu palibe amene amafunsa tanthauzo lake.

Akazi awo, amene ife timawaitana kuti azakhali, ndi mayi wa mpingo weniweni, wa mpango woyera kumutu. Pobwerera mu minibasi anawauza amuna awo mosabisa, kondakitala ndi anthu onse akumva.

"Ine ndaimba pa maliro a anthu osawadziwa kuyambira ku Dzoole mpaka ku Malomo. Pa maliro anu ndikufuna nyimbo. Fumbi la gule sindikulifuna."

Amalume anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, kandilembetseni."

Kwathu munthu wosabatizidwa mpingo sumuimbira, ndipo abusa amabwera ku katchalitchi kathu ka paphiri kamodzi pachaka, anthu akatha kukolola, kudzabatiza. Kalasi imatenga zaka, koma akulu a mpingo anawamvera chisoni. Anati akangoyankha bwino mafunso abusa asanabwere, abatizidwa chaka chomwecho. Akalephera adikire chaka chamawa, koma chaka chamawacho miyendo ija sinkalonjeza.

Ntchito yowawerengera Baibulo inagwera ine, poti ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo maso awo anali atachita nkhungu. Ndinavomera msanga. Ndinkati munthu amene ndimaphunzitsa ana a mamina kuwerenga, nkhalamba imodzi ingandivute chiyani. Ndinaiwala kuti amalume anali ndani. Ufumu ukavuta m'midzi ya kuseri kwa mapiri athu, anthu ankabwera kudzawatenga kuti akalongosole kuti uyu anabadwa kwa yani, bere lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti. Kwathu ufumu umayenda ndi bere. Mfumu ikamwalira amalowa ndi mwana wa mlongo wake, ndipo mwana wobereka yekha ndi mlendo, kwawo ndi kwa amake. Amalume mwambo umenewu ankaudziwa kuposa njira ya kuchimbudzi kwawo.

Tsiku loyamba la kalasi ndinawaperekeza. Ana anakhala pansi, iwo anawapatsa benchi. Wophunzitsa anali mkulu wa mpingo wina, telala, munthu wofatsa amene sanakalipirepo ngakhale nkhuku.

"Mfumu ya mafumu ndani?" anafunsa telalayo.

"Yesu Khristu," ana anayankha pamodzi ngati akuimba.

Amalume anakweza ndodo m'malo mwa dzanja.

"Pepani aphunzitsi. Ufumuwo analowa wa yani?"

"Wa Atate wake, Mulungu."

"Atate ake omubereka?"

"Inde agogo. Mwana mmodzi yekhayo."

Amalume anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waona kuti thalauza ya mnzake yang'ambika kumbuyo ndipo akusowa pomuuzira.

"Ndiye mbumba inavomera?"

Telala anatsokomola. Anayang'ana m'kabuku kake, anatembenuza tsamba, anabwereranso.

"Mulungu alibe mbumba, agogo."

"Munthu wamkulu chotero wopanda mlongo? Mwafufuza bwino?"

Potuluka telala anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti ndikawathandize kunyumba. Nkhope yake inali ngati wadula nsalu ya kasitomala molakwika.

Tinayamba kuwerenga masana aliwonse pakhonde, ine ndikaweruka kusukulu. Ndinaganiza zoyambira pa mndandanda wa makolo a Yesu, poti za mibadwo ndizo ankakonda. Kumeneko ndiye ndinadziputira. Ndinangowerenga pang'ono, uje anabala uje, ujeyo anabala uje, amalume nkugunda ndodo pansi.

"Taima kaye. Amuna okhaokha akuberekana? Amayi kumeneko ankagwira ntchito yanji?"

Ndinawaonetsa kuti amayi ena atchulidwamo.

"Atchulidwa ngati alendo pa ukwati. Pitiriza." Ndinapitiriza mpaka kumapeto, iwo akugwedeza mutu ngati akumva za matenda amene akuwadziwa. "Ndamva. Anthu awa ndi Angoni."

"Amalume, awa ndi Ayuda."

"Mfunda wawo ungakhale umenewo, koma mwambo ndi wa Chingoni. Ndiye kuti Mulungunso ndi Mngoni."

Azakhali, amene ankapeta chimanga chapafupi, anaika lichero pansi.

"Bambo inu, Mulungu alibe mtundu."

"Ngati alibe mtundu, akutsatiranji mwambo wa eni ake?"

M'mawa mwake analengeza kuti akupita ku Malomo, kwa mnzawo wina Mngoni amene anagwira naye ntchito ya fodya ali anyamata, kuti akamve kwa eni mwambo. Tinawaletsa, anakana. Wowanyamula panjinga anali mwana wawo.

Amalume anali ndi mwana mmodzi yekha, msuweni wanga, bambo wamkulu kale wa imvi m'ndevu. Azakhali anabwera kwathu pa chitengwa, ndiye kuti mkazi ndiye anatsata mwamuna, choncho msuweniyo anakulira m'mudzi mwathu. Ndiye anakumba chitsime m'dimba la amalume kudambo, nabzala nthochi ndi nzimbe zonse zili kumeneko. Atakwatira, mbumba inakhala pansi nkukumbutsa amalume kuti dimba ndi la bere lathu, ndipo lidzapita kwa achimwene anga a ku Lilongwe, amene khasu analigwira komaliza ali ku pulayimale. Amalume sanatsutse, akanatsutsa bwanji mwambo umene iwo ankaphunzitsa ena. Anamuuza okha mwana wawo kuti apite kwawo kwa amake, kuseri kwa phiri. Anapita, ndipo kwa zaka zambiri tinkangomuona pa maliro. Koma atamva za miyendo ija anayamba kubwera ndi njinga yake, kuwatengera abambo ake kukalasi ndi kuwabweza. Zolankhula zawo zinali ziwiri. Iye ankati, "Gwirani." Iwo ankati, "Ndagwira."

Ine ndinawatsatira pa kabaza, poti azakhali anandilamula. Mngoni uja tinamupeza pamsika akugulitsa mbuzi. Atamva nkhaniyo anadzikonza kolala.

"Zimenezo ife tinkazidziwa kale," iye anatero. "Timangokhala chete kuti anzathu musakhumudwe."

"Chabwino," anatero amalume. "Kwanu mwana sakhala wa bambo popanda ng'ombe. Ng'ombe za lobola zinaperekedwa kwa yani?"

Mngoni anagwira njakata. Anaganiza mpaka mbuzi ina inayamba kutafuna chingwe cha inzake.

"Si zija zinali m'khola muja anabadwiramo?"

"Khola lija linali la mwini nyumba ya alendo."

"Ndiye anamusungitsa."

"Kapena anapereka kwa munthu wolakwika. Umenewo ndi mlandu wina."

Anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka, anthu ogula mbuzi akuikapo maganizo awo. Wina anati ng'ombezo anazitenga Herode. Tinabwerera miyendo ya amalume itatupa ngati mitondo, ndipo azakhali anandikalipira ine ngati ndine ndinalemba Baibulo.

Kuchokera pamenepo zinthu zinangoipiraipira. Ndikawerenga za Mariya, amalume ankafuna kudziwa za achimwene ake.

"Malume ake a Yesu ali kuti m'bukumu? Mwana mpaka kugwidwa, kuzengedwa mlandu kwa Pilato, nkhoswe yake osaonekera? Anthu otani amenewa, ozenga munthu mlandu popanda wa kwawo?"

Pamenepa anakwiya zenizeni, mpaka anakana phala.

Kenako, tsoka langa, tsiku lina ndikuwerenga za mfumu Davide ndinafika pamene pakunena kuti anali ndi mlongo wake, Zeruya, ndipo mlongoyo anabala Yoabu, mkulu wa asilikali. Ndinayesa kudumphapo mwachangu, koma makutu awo, amene sankamva mukawaitana kukasamba, apa anamva.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Davide anali ndi mlongo. Mlongoyo anali ndi mwana wamwamuna. Ndiye ufumu analowa ndani?"

"Solomo."

"Mwana wobereka yekha. Nanga Yoabu anatani naye?"

Ndinayenera kunena zoona, kuti Solomo atangokhala pampando analamula kuti Yoabu aphedwe. Amalume anawomba m'manja kamodzi.

"Si izo. Ndinadziwa kuti m'bukumu muli mlandu wosatha. Anapha mwini ufumu kuti pasakhale wofunsa."

Kuyambira tsiku limenelo amalume anali munthu wa Yoabu. Aliyense wobwera kudzawazonda ankachoka atamva za Yoabu. Ankamunena ngati m'bale wathu amene anamwalira ku esiteti ya fodya anthu osatiuza. Nkhaniyo inalowa m'kalasi, ndipo Lamulungu lina telala atafunsa kuti analowa ufumu wa Davide ndani, kamtsikana kena kanayankha kuti Solomo, koma mwachinyengo. Akulu a mpingo anatumiza uthenga kwa azakhali woti zikapitirira chonchi, amalume sadzafunsidwa nkomwe mafunso. Azakhali analira tsiku limenelo, kulira kwa chete, atakhala kuseri kwa nkhokwe.

Ine ndili ndi mtima wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Ndinawapeza amalume pakhonde ndipo ulemu ndinausiya panjira.

"Amalume, zandikwana. Yoabu ndi m'bale wanu? Adzabwera kudzakuimbirani? Anthu akukolola, abusa ali pafupi kubwera, inu muli kalikiliki kufunafuna mlongo wake wa Mulungu. Ingolowezani yankho. Akafunsa kuti Mfumu ya mafumu ndani, muziti Yesu Khristu, nkutseka pakamwa. Ana a sitandade wani akutha, inu chikukuvutani nchiyani?"

Sanakwiye. Anandiyang'ana ndi maso awo a nkhungu aja.

"Mwana wa mlongo wanga, ine ndakhala mboni pa milandu ya ufumu kuyambira iwe usanabadwe. Andipatsapo nkhuku kuti ndiname, andiopsezapo ndi mankhwala, sindinanamepo. Lero ndikavomere ufumu umene sindikuumvetsa, pamaso pa mwini wake, chifukwa chofuna nyimbo? Akandifunsa kumeneko kuti unavomera chiyani, ndikati chiyani?"

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kwambiri. Ndinatsegula buku mwaukali nkuyamba kuwerenga pamene panatseguka, mokweza ngati ndikulanga kalasi. Panali pa ubatizo wa Yesu mumtsinje, pamene mawu anamveka kuchokera kumwamba, Atate akunena kuti ameneyu ndi Mwana wawo ndipo amamukonda.

"Taima," anatero amalume. "Ananena zimenezo pagulu?"

"Pagulu."

"Anthu akumva?"

"Anthu akumva, amalume."

"Palibe anawadzudzula?"

"Akanawadzudzula ndani?"

Anakhala akuyang'ana kudambo kumene kuli dimba mpaka nkhuku zinayamba kulowa. Masiku otsatira sanatchulenso Yoabu, komanso sanandiuze kuti adzayankha chiyani. Ndikawafunsa ankangoti akuganiza. Azakhali anasiya kudya bwinobwino.

Tsiku la mafunso msuweni wanga anabwera ndi njinga monga mwa masiku onse. Akulu a mpingo anakhala pabenchi m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi, telala ali pakati. Ine anandilola kulowa kuti ndizibwereza mafunso m'khutu mwa amalume. Azakhali anakhala panja pamwala, ndipo msuweni anaima pafupi ndi windo atagwira njinga yake. Windolo linalibe galasi.

Mafunso oyamba anayenda bwino. Malamulo khumi anawatchula, ngakhale anawasanja mwa iwo okha. Kenako telala anafika pa funso lija.

"Agogo, Mfumu ya mafumu ndani?"

"Yesu Khristu."

Mtima wanga unakhala pansi. Telala anali atayamba kale kutembenuza tsamba pamene amalume anakweza ndodo. Ndinawatsina pamkono, sanamve.

"Sindinathe. Ndikufuna ndinene chifukwa chake, kuti musati ndangoloweza."

Mkulu wina anatseka maso ngati akuyamba pemphero.

"Ndafufuza buku lonse ndi mwana uyu," anatero amalume. "Mulungu alibe mlongo. Alibe malume, alibe bere lalikulu kapena laling'ono, alibe mbumba yomukhalira pansi. Poyamba ndinkamumvera chisoni, ndinkati ndi munthu wosauka. Koma ndaona kuti ufumu weniweni ndi umenewo. Mafumu onse amene ndawaona ine amaopa alongo awo. Iyeyu palibe womuuza kuti mwana wako ndi mlendo. Ndiye anachita chimene bambo aliyense akanachita pakanapanda womuletsa. Anaimirira pagulu nkunena kuti uyu ndi wanga, zanga zonse ndi zake."

Anapuma, chifuwa chikulira.

"Ine ndinali ndi mwana mmodzi ngati iyeyo. Koma ine ndinali ndi mbumba, ndipo sindinali mfumu ya chilichonse. Ndinamuuza kuti apite kwa amake. Ndiye ufumu wa Yesu ndikuuvomera, analowa bwino. Ndatha."

Akulu onse aja anali Achewa, ndipo aliyense anali ndi mwana wake kwinakwake amene sadzadya za bambo ake. Wina ankayang'ana nsapato zake, wina denga. Sindinayerekeze kuyang'ana kuwindo.

Kenako, poti akulu a mpingo ndi akulu a mpingo, anayamba kukambirana ngati mawu oti Mulungu alibe mlongo ndi chiphunzitso choona. Anatsegula katekisimu. Sanapezemo kuti ali naye, sanapezemonso kuti alibe. Wina anati nkhaniyi idikire abusa. Wina anati abusa akaimva aitumiza kwa akuluakulu, ndipo yankho lidzabwera tonse titafa. Wina anafunsa ngati agogo asiya za Yoabu.

"Yoabu analakwiridwa," anatero amalume, "koma mlandu wake ndi wa pansi pano. Ndausiya."

Telala, munthu wofatsa uja, anatseka kabuku kake mwamphamvu kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

"Akhoza," anatero. Palibe anatsutsa.

Titatuluka azakhali anaimirira pamwala paja, ndipo nditawagwedezera mutu kuti akhoza anakhalanso pansi. Msuweni wanga anali atatembenukira kumbali, akukonza tcheni cha njinga chimene sichinaguluke. Anawakweza abambo ake, koma iye sanakwere. Anakankha njingayo wapansi njira yonse mpaka kumudzi, dzanja limodzi pachiwongolero, lina kumsana kwa abambo ake.

Abusa anabwera, amalume anabatizidwa pakati pa makanda, ndipo madzi atawagwera pamutu anati ndi ozizira, mpingo wonse ukumva. Anamwalira mvula isanagwe.

Nyimbo zinalipo. Amayi a mipango yoyera anabwera kuchokera m'matchalitchi onse a m'mapiri mwathu, anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ndipo azakhali ndiwo ankayambitsa nyimbo iliyonse, mawu osanjenjemera. Anzawo a kudambwe anabweranso, anakhala patali pansi pa mtengo atavula zipewa. Chimene azakhali anapempha mu minibasi muja anachilandira chonse.

Mawu a banja analankhula achimwene anga a ku Lilongwe, poti ndiwo olowa m'malo. Anayankhula bwino, atavala suti, ngakhale anasokoneza dzina la mudzi umene amalume anabadwira. Msuweni wanga pamwambo wathu analibe mawu. Anaima kumbuyo pamodzi ndi akamwini ndi alendo ena, ndipo potsitsa bokosi amayi aja anayamba nyimbo yonena za ana a Mfumu amene adzalandira cholowa cha Atate awo. Ndinamumva akuimba besi kumbuyo kwanga, mawu onse akuwadziwa. Zinandipweteka kwambiri, moti ndinalephera kuimba.

Mwambo utatha azakhali anabwerera kwawo kuseri kwa phiri, mwana wawo atawanyamulira katundu. Dimba lija tikulima ndife, ndipo chitsime chake sichiphwa ngakhale m'chilimwe.